Achemwali a ku Winnipeg afunsa: mwana akavutika, chikhalidwe chili ndi ntchito yanji?

Mayi ena a kwathu omwe tsopano akukhala ku Winnipeg, m'dziko la Canada, andilembera imelo. Akuphunzira ntchito yosamalira ana ndi mabanja, ndipo akuti aphunzitsi awo satopa kuwauza kuti akalowa m'nyumba za eni nthaka a dzikolo, monga a Cree, a Ojibwe ndi a Métis, azilemekeza chikhalidwe chawo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi imeneyi si njira yobisira nkhanza? Mwana akakhala pamavuto, si kungomuchotsapo basi?"

Achemwali, mtima wanu ndaumva, ndipo pa chinthu chimodzi tikugwirizana: mwana amene akumenyedwa kapena kugwiriridwa ayenera kuchotsedwa m'manja mwa womuzunzayo tsiku lomwelo. Eni nthakawo satsutsa zimenezi. Chimene akulira nacho n'chakuti kwa zaka zambiri ana awo ambiri ankatengedwa popanda nkhanza yotere.

Boma la Canada pamodzi ndi matchalitchi linatenga ana pafupifupi 150,000 n'kuwatsekera m'sukulu zogonera komweko, kumene ankaletsedwa kulankhula chinenero cha makolo awo. Sukulu zomaliza zinatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, dzana lomweli. Sukuluzo zitayamba kuchepa, ntchito yotenga ana inagwera anthu a ntchito ngati yanuyi. Kuyambira m'ma 1960 mpaka m'ma 1980, ana pafupifupi 20,000 anachotsedwa kwa makolo n'kuperekedwa kwa mabanja a azungu, ena mpaka ku United States. Nthawi imeneyi amaitcha Sixties Scoop. Agogo amene mudzawapeze atakhala duu pakona, osakuyankhani moni bwinobwino, mwina anali mmodzi mwa ana amenewo, kapena anamulanda wake. Mantha awo ali ndi maziko.

Ndipo nkhaniyi sinathe. Kalembera wa 2021 anapeza kuti ana a eni nthaka ndi pafupifupi 8 mwa ana 100 alionse a m'dzikolo, koma mwa ana oleredwa m'manja mwa boma iwo ndi pafupifupi 54 mwa 100. Ku Manitoba kumene muliko, ndi pafupifupi 9 mwa 10 alionse.

N'chifukwa chiyani? Apa ndi pamene ndikufuna mukhalepo nthawi. Ambiri mwa anawa amalembedwa kuti "sakusamalidwa", osati kuti akuzunzidwa. Mukafufuza mupeza nyumba yodzaza anthu, madzi osamweka, chakudya chodula kwambiri kumidzi yakumpoto, makolo olimbana ndi mowa chifukwa cha mabala a kusukulu zija. Umphawi unkawerengedwa ngati mlandu wa kholo. Mu 2007, Cindy Blackstock, mayi wa mtundu wa Gitxsan amenenso ndi wa ntchito yomweyi, anagwirizana ndi bungwe la atsogoleri a eni nthaka la Assembly of First Nations n'kukasumira boma. Mu 2016 bwalo loona za ufulu wa anthu linagamula kuti boma linkasala ana a m'madera a eni nthaka: ndalama zothandizira banja kuti lisapasuke zinali zochepa, koma mwana akangochotsedwa, ndalama zomulerera kwina zinkapezeka. Ndiye wantchito wachifundo akafuna kuti mwana adye bwino, khomo lotseguka linali limodzi lokha, kumuchotsa. Mu 2023 khoti linavomereza chipukuta misozi choposa madola 23 biliyoni a ku Canada. Ine ndikaganiza za ndalama zimenezo ndimamva chisoni, chifukwa kagawo kochepa chabe kakanaperekedwa poyamba, ana ambiri akanakulira kwawo.

Chinanso chimene chinkasokoneza alendo ndi kalereredwe. Mwana lero wagona kwa agogo, mawa kwa azakhali, ndipo mlendo akulemba kuti mwanayu alibe pokhala penipeni. Inu achemwali simungalakwe chotere. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, ndipo mayi akadwala mwinimbumba amadziwa kale amene atenge anawo, popanda kalata. Maso amenewo mupite nawo kuntchito. Koma musaganize kuti miyambo yawo ndi yofanana ndi yathu. A Cree ali ndi zawo, a Inuit zawo, ndipo ofunsidwa ndi akuluakulu a mtunduwo.

Zimenezi tsopano zili m'lamulo. Lamulo lotchedwa Bill C-92, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2020, likuti mwana asachotsedwe pa chifukwa cha umphawi wokha kapena kuipa kwa nyumba. Akati achoke ndithu, ayambe aganiziridwa kholo linalo, kenako wachibale wamkulu, kenako munthu wa mtundu wake, kenako wa mtundu wina wa eni nthaka, ndipo mlendo akhale womaliza. Lamuloli likuvomerezanso kuti mitunduyi ili ndi ufulu wopanga malamulo awoawo osamalira ana. Mtundu wa Cowessess First Nation wa m'chigawo cha Saskatchewan unali woyamba kusainirana pangano lotere ndi boma mu 2021, ndipo mu Febuluwale 2024 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti lamuloli ndi lovomerezeka.

Kodi wachibale sangazunze mwana? Angathe, ndipo azakhali nawonso ayenera kufufuzidwa mosamala asanapatsidwe mwana. Kulemekeza chikhalidwe sikukuchotserani udindo umenewu.

Tsono mukadzaima pakhomo ndi fayilo yanu, funsani kaye kuti mwanayu abale ake ndani, amagona kuti zinthu zikavuta, ndipo banjali likusowa chiyani kuti lidzisamalire lokha. Dziwitsani atsogoleri a mtundu wa mwanayo musanachite chachikulu, monga lamulo likunenera. Ngati mwanayo ndi wa mitundu yotchedwa First Nations, monga a Cree ndi a Ojibwe, ndipo chosowa ndi mankhwala, njinga ya olumala kapena thandizo la kusukulu, pemphani kudzera mu Jordan's Principle, ndondomeko yotchedwa dzina la Jordan River Anderson, kamnyamata ka ku Norway House kamene kanamwalira m'chipatala ku Winnipeg mu 2005 kali ndi zaka 5, boma lalikulu ndi la chigawo akukanganabe kuti alipire ndani kuti kapite kunyumba.