Kulemba gwero la zomwe munthu wakuuzani pomufunsa mafunso

Achemwali, mwafunsa ngati agogo amene munacheza nawo pa kafukufuku wanu alowe pa mndandanda wa mabuku kumapeto kwa lipoti lanu, popeza mukutsata APA, njira yolembera magwero a zomwe mwagwiritsa ntchito polemba. Ayi, asalowe. Malamulo a APA 7 (kope lachisanu ndi chiwiri la buku la APA), omwe anatuluka mu 2019, amati pamndandandapo pazikhala zokhazo zomwe wowerenga angathe kukazipeza yekha, ndipo mawu amene ali mufoni mwanu sangawapeze.

Ngati agogowo ndi mmodzi mwa anthu amene munawasankha kuti muwafunse, mawu awo ndi zotsatira za kafukufuku wanu. Alembeni m'mutu wa zotsatira, agogowo muwatche "Wofunsidwa 4" kapena dzina longopeka. Apa ndikukupemphani kwambiri, musaike dzina lenileni ngati pa fomu yovomereza munalonjeza chinsinsi. Kumudzi anthu amadziwana, ngakhale kungotchula mudzi ndi zaka kumamuulula munthu.

Koma ngati munangofunsa katswiri kuti akuunikireni, mkati mwa chiganizo lembani chilembo choyamba cha dzina lake, dzina la bambo, mawu akuti personal communication (kutanthauza kuti munalankhulana naye nokha), kenako tsiku lenileni lomwe munalankhulana.

Macheza a mafunso omwe anatuluka m'nyuzipepala kapena pa YouTube amalowa pamndandanda monga nkhani ya m'nyuzipepala kapena vidiyo.