Kwa achemwali amene malonjezo a chaka chatsopano awakanika

Achemwali, mwafunsa kuti mungatani kuti mupitirize zimene munatsimikiza usiku wolowa chaka chatsopano, zomwe ndi kusunga K20,000 mwezi uliwonse ndi kuyenda wapansi m'mawa uliwonse, popeza Febuluwale asanathe n'komwe zonse ziwiri zaima. Anzathu ambiri m'gulu muno akulangizani kuti mulimbe mtima ndi kupemphera, ndipo ndikugwirizana nawo, koma ndikupempha kuti tiyang'anenso nyengo imene munayambira.

Kuno kwathu ku Zomba Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa kuposa ina yonse. Ndalama zimakhala zitathera pa Khirisimasi, teremu yachiwiri imatsegulidwa ndipo fizi imafunika, kumunda kumafunika feteleza wobereketsa ndi malipiro a aganyu opalira ndi kubandira, pomwe pa msika wa Mpondabwino kapena wa Songani chimanga chimakhala chitakwera mtengo chifukwa nkhokwe zambiri zagona. Munthu amene wadzilamula kusunga ndalama yofanana mu Febuluwale ndi mu Juni wadzisenzetsa katundu wosayenera nyengoyo, ndipo akalephera amadziona ngati waulesi pamene si waulesi ayi. Choncho lonjezolo musalitaye, lichepetseni. Ngati K20,000 yakanika, sungani K2,000 sabata iliyonse kufikira nthawi yokolola mu Epulo ndi Meyi, kenako mukweze. Chimene mukuteteza panopa ndi chizolowezi chopatula kangachepe musanayambe kugula zina.

Nkhani yaikulu ndi ya kumene ndalamayo ikugona. Ndalama yokhala mu Airtel Money kapena Mpamba imatuluka mosavuta, chifukwa m'bale akangoimba foni kuti kwavuta, kapena bandulo ikangotha, chala chimapita chokha. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kwambiri banki m'khonde. Kumeneko kuli tsiku lokumana lodziwika, mlembi amalemba masheya anu m'buku anthu onse akuona, wochedwa kapena wojomba amalipira chindapusa, ndipo ndalama simuigwira mpaka tsiku logawana, lomwe m'magulu ambiri limakhala chakumapeto kwa chaka. Tsiku limene mulibe chidwi, manyazi oti amayi anzanu akhala pamphasa akukudikirani ndi amene amakudzutsani. Ena amaona ngati kumeneko n'kudzipanikiza, koma ine ndimaona kuti ndi nzeru, pakuti chidwi cha pa 1 Januwale sichikhalitsa mwa munthu aliyense.

Za kuyenda, m'mawa uliwonse m'nyengo ya mvula ya ku Zomba kuno ndi lonjezo lovuta kulisunga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 kwa masiku asanu zikukwana, ndipo kuyenda ndawala kumawerengedwa. Ngati mumakhala ku Matawale kapena ku Chinamwali, tsikani kabaza musanafike m'tauni n'kumaliza ulendowo wapansi, ndipo Loweruka kukacha bwino mupangane ndi mnzanu kukwera msewu wa kuphiri wopita ku Ku Chawe mpaka pamene mungathe.

Musadziweruzenso msanga. Ofufuza a ku University College London, motsogozedwa ndi Phillippa Lally, anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena masiku 18 okha ndipo ena mpaka 254, komanso kuti kudumpha tsiku limodzi sikuwononga zonse. Kuwerenga kuchokera pa 1 Januwale, masiku 66 amakwana kumayambiriro kwa Malichi, kutanthauza kuti inu mwafooka ntchito ili pakati. Mukaphonya Lachiwiri, yendani Lachitatu, osadikira mwezi watsopano kapena chaka chamawa.

Pofuna gulu la banki m'khonde loti mulowe, funsani kaye malamulo ake, chiwongoladzanja cha ngongole, ndi amene amasunga ndalama, chifukwa magulu ena agwa kaamba ka mamembala othawa ndi ngongole. Sankhani la anthu odziwana, monga a kumpingo kapena a m'dera lanu. Ndipo sabata imene zavuta, gulani sheya imodzi yokha kapena fotokozani kwa apampando, koma musapite kwa akatapila kuti mukwaniritse masheya.