Ophunzira akunja akufuna kudzathandiza pasukulu pathu, tiwalandire?

Mayi ena a m'komiti ya sukulu ya pulayimale cha ku Tsangano, ku Ntcheu, anditumizira imelo. Akuti yunivesite ina ya ku Scotland ikufuna kutumiza ophunzira ake 6 kuti adzathandize kwa milungu inayi mu Julaye. Akufunsa kuti: "Kodi opindula ndi ife kapena iwowo?"

Mayi, alandireni, koma musawaone ngati odzangopereka. Nawonso akudzatenga. Ulendowu amaulemba pa CV, ena amalembapo kafukufuku wa digiri yawo. Palibe cholakwika pamenepo. Vuto limayamba mbali yanu ikapanda kuwerengedwa.

Ndinaziona ndi maso pasukulu ina kuno ku Dedza. Alendo anafika nthawi yachisanu, ndipo chisanu cha kwathu kuno mukuchidziwa. Amayi awiri a mother group ankalawirira kumjigo m'bandakucha, n'kudzakoleza moto kuti alendo asambe madzi otentha. Mphunzitsi wa Sitandade 2 ankasiya kalasi yake kukamasulira, poti ana sankamva Chingerezi cha alendowo. Alendo anapenta makalasi awiri, mmisiri wa m'mudzimo atakhala pansi pa mtengo kumangoonerera, ganyu itamudutsa pakhomo. Mu lipoti lawo analemba za penti. Za nkhuni, madzi ndi nthawi ya aphunzitsi sanatchule n'komwe. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye asanagule matikiti a ndege, khalani pansi ndi ahedi, a PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi), mafumu ndi a PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale a m'dera lanu), mugwirizane nokha chimene sukulu ikusowa. Ntchito ichokere kwa inu. Muwauzenso kuti Julaye ndi kumapeto kwa teremu yachitatu, ana amakhala pa mayeso, ndiye mlendo amene sanaphunzire zauphunzitsi asapatsidwe choko yekha. Akhale wothandiza mphunzitsi, aziwerenga ndi ana m'timagulu. Ophika, omasulira ndi amisiri alipidwe, ndipo zimenezi zilembedwe papepala, mbali zonse zisaine. Zithunzi za ana zisapite pa Facebook makolo asanavomere.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi kuphatikiza mlendo aliyense ndi wophunzira wa kuno, mwachitsanzo amene akuphunzira zauphunzitsi ku koleji ngati St Joseph's ku Bembeke. Awiriwo amaphunzitsana, ndipo ndege ikanyamuka wa kwathuyo amatsala ndi luso lija konkuno.

Musachite manyazi kufunsa kuti, "Nanga athu adzapita liti?" Boma la Malawi ndi la Scotland anasainirana mgwirizano mu 2005, ndipo kuno kuli bungwe la Malawi Scotland Partnership limene mungafunseko nzeru. Viza ndi tikiti ndi zodula, n'zoona, koma yunivesite yokwanitsa kutumiza anthu 6 ingathe kuitana mphunzitsi mmodzi. Funso limeneli mulilembe m'kalata yoyamba yowayankha, mumve zimene anene.