Chombo changa chikungophwanyika bwanji ndikamatera pa Mun?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mufakose, akuti anagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito mtawuni muno, mnzawo n'kuwayikiramo Kerbal Space Program, gemu yopanga ndi kuwulutsa zombo za m'mlengalenga. Kunyamuka pa Kerbin, pulaneti loyambirapo m'gemuyi, akunyamuka bwinobwino, kufika ku Mun, mwezi wake wa Kerbin, akufika, koma akangoti atere basi chombo chimaphulika kapena kugubuduzika ngati mbiya. Funso lawo ndi lakuti, msuweni wawo amasewera No Man's Sky ndipo amangodina batani limodzi chombo n'kutera chokha, nde vuto ndi laputopu kapena gemu anawapatsayo ndi yowonongeka?

Achimwene, laputopu yanu ilibe mlandu, gemuyonso ili bwinobwino. Chikukuphani ndi liwiro la cham'mbali. Munayamba mwadumphapo mu kombi isanayime pa Copacabana paja, hwindi akukuwa kuti fulumirani? Kuchoka pakhomo la kombi kufika pansi ndi pafupi kwambiri, ngakhale mwana atha kudumpha, koma munthu amagwa chafufumimba chifukwa thupi likadali pa sipidi ya kombi pomwe mapazi ayima kale pa tala. Pa Mun ndi chimodzimodzi, kungoti kombi yake ndi yamisala. Mukamazungulira Mun chapafupi mumakhala mukuthamanga mamita pafupifupi 550 pa sekondi, ndiye kuti makilomita pafupifupi 2,000 pa ola, ndipo kulibe mpweya woti ukugwireni, parachuti kumeneko ndi katundu wachabe. Mabuleki anu ndi injini yokha basi.

Nde mumvetsere. Pansi pa sikirini pali mpira uja wa buluu ndi bulauni umene anthu ongoyamba kumene amauyesa chokongoletsera. Pamwamba pake pamalembedwa liwiro, ndipo mukadinapo zimasintha pakati pa Orbit ndi Surface, inu potera onetsetsani kuti pali Surface chifukwa mukufuna liwiro lanu poyerekeza ndi nthaka imene mukufuna kupondayo. Pa mpirawo fufuzani kachizindikiro kachikasu kozungulira kokhala ndi X mkati, ameneyo ndiye retrograde, kutanthauza kumene mukuchokera. Lozani mphuno ya chombo pamenepo, dinani T kuti SAS ikugwirireni chisamagwedezeke, kenako yatsani injini. Mudzaona kachizindikiro kaja kakukwera pang'onopang'ono kupita pakati penipeni pa buluu, mukatsatire, kakafika pakatipo ndiye kuti liwiro la cham'mbali latha ndipo mukugwa chowongoka ngati mango. Apo mpamene mumayamba kuganiza za pansi. G kutulutsa miyendo, Shift kuwonjezera moto, Ctrl kuchepetsa, X kuzimitsiratu, ndipo pofika pansi liwiro lisapitirire mamita 5 pa sekondi, ine ndimakonda 2 kapena 3.

Pali misampha iwiri imene inandidyera nthawi yambiri ineyo. Woyamba ndi manambala a pamwamba pa sikirini aja, amene nthawi zambiri amawerenga kutalika kuchokera pa mulingo wa nyanja osati kuchokera pa phiri lili pansi panulo, moti amatha kukuuzani kuti kwatsala mamita 3,000 pomwe nthaka yafika kale pa mphuno. M'mavesheni atsopano mutha kudinapo kuti aziwerenga kuchokera pa nthaka, koma ine ndinazolowera za chikale, kutera mbali ya Mun imene kuli dzuwa n'kumayang'ana chithunzithunzi cha chombo, chikamakula n'kumayandikira ndiye kuti nthaka ndi imeneyo. Msampha wachiwiri ndi woseketsa. Mukasiya SAS ikutsatira retrograde mpaka pansi, n'kuwonjezera moto mopyola pang'ono chombo n'kuyamba kukweranso, kachizindikiro kaja kamathawira mbali ina ndipo chombo chimatembenuka mutu pansi miyendo m'mwamba injini ikuyakabe. Zinandichitikira usiku wina cha m'ma 1 koloko, magetsi atangobwera kumene, nditatsala mamita ochepa kuti nditere, ndinakuwa mpaka mayi a ana anadzuka kuyesa kwalowa akuba kkkk. Liwiro likatsika kwambiri muzibwezera SAS pa kungogwira chombo chili njo.

Chinanso, ngati chombo chanu ndi chachitali chowonda ngati mtengo wa bulugama chidzagwa ndithu ngakhale mutere mwaulemu bwanji, chifukwa Mun ndi zigwembe ndi zitunda zokhazokha. Pangani chachifupi chonenepa, miyendo itakasuke. Ndipo musachite manyazi ndi zimenezi, akatswiri enieni zimawavuta. Mu February 2024 chombo cha kampani ya ku America ya Intuitive Machines, dzina lake Odysseus, chinafika pa mwezi weniweni chikadali ndi liwiro la cham'mbali, mwendo unathyoka n'kugona chammbali. Mwezi wa January chaka chomwecho SLIM ya ku Japan inatera mphuno pansi. Luna 25 ya ku Russia inaphwanyika mu August 2023, masiku ochepa Chandrayaan-3 ya ku India isanatere bwino pa 23 August. Ngakhale Neil Armstrong pa 20 July 1969 anachita kulanda chiwongolero kwa kompyuta ataona kuti ikuwapititsa pa miyala, n'kumayandama kufufuza pabwino mafuta akutha.

Langizo langa lenileni ndi lakuti muusiye kaye Mun, pitani ku Minmus, mwezi wina waung'ono wa Kerbin. Anthu amathamangira ku Mun chifukwa uli pafupi ndipo umaoneka waukulu m'mwamba, koma mphamvu yake yokoka ndi 1.63 m/s², pafupifupi yofanana ndi ya mwezi wathu weniweniwu, pomwe ya Minmus ndi 0.49 yokha. Kuzungulira Minmus chapafupi ndi mamita ngati 160 pa sekondi, ndipo kuli madambo osalala ngati bwalo la mpira, mukalakwitsa mumakhala ndi nthawi yokanda mutu n'kukonza. Chovuta chake n'choti njira ya Minmus ndi yopendekeka pang'ono nde kuyipeza kumafuna kudekha, koma mukatera kumeneko katatu kanayi manja amazolowera.

Tsono za msuweni wanuyo. No Man's Sky inatuluka mu August 2016 kuchokera ku kampani yaying'ono ya Hello Games ya ku Guildford, ndipo cholinga chake si kukuphunzitsani kuwulutsa chombo, iwo amafuna mufike msanga pansi muziona zinyama zachilendo ndi kukumba miyala. Mapulaneti ake ndi oposa 18 quintillion, nambala yoti sindingayitchule m'Chichewa, ndipo palibe munthu anakhala pansi kuwajambula, kompyuta imawapanga ndi masamu nthawi imene mukuyandikira. N'kokongola shuwa, umalowa m'mitambo popanda kudukiza mpaka kukaponda udzu, koma kuterako gemu ndi imene ikukuchitirani. Starfield ya Bethesda ya mu 2023 ndiye inangosiyiratu, mumasankha malo pa mapu n'kuonera kakanema chombo chikutera, ine zimenezo zimandinyong'onya, ndi ngati kugona mu basi pa Mbare n'kudzukira pa Wenela osaona Tete.

Imene ili pakati ndi Elite Dangerous ya Frontier Developments ya ku Cambridge. Inatuluka mu December 2014 yopanda kutera pa pulaneti, kenako mu December 2015 anabweretsa Horizons yolola kutera pa mapulaneti ndi miyezi yopanda mpweya n'kutulutsa kagalimoto kaja ka SRV, ndipo Odyssey ya mu 2021 ndi imene inalola kutsika n'kuyenda wapansi. Mmenemo mumayenera kulowa mopendekeka bwino, mukalowa chozondoka kwambiri chombo chimakutulutsani mu liwiro lalikulu loyendera m'mlengalenga mwadzidzidzi n'kuwonongeka, ndipo muziwerenga kaye mphamvu yokoka ya pulanetilo musanatsike, chifukwa pa pulaneti lolemera chombo chimagwa ngati thumba la simenti ndipo mumakalipira inshuwalansi kuti akubwezereni. Chodabwitsa n'choti David Braben, amene anayambitsa Frontier Developments, anali atachita kale zotera pa pulaneti popanda kudukiza mu Frontier: Elite II ya mu 1993, pa makompyuta oti foni yanu ya m'thumbayo ikuwaposa kutalitali. Masiku ano zimavuta chifukwa timafuna mwala uliwonse uzioneka, nde gemu imakhala ikusintha nthaka kuchoka pa yongoyerekeza kupita pa yatsatanetsatane pamene mukutsika, ndipo apa mpamene laputopu yofooka imayamba kulira fani. Star Citizen musayiganizire n'komwe, inayamba kusonkhetsa ndalama mu 2012, kutera pa miyezi kunabwera mu December 2017, ndi yokongola zedi koma imafuna makina amphamvu ndi intaneti yosadukaduka.

Nkhani ya intanetiyi ndi imene ikundipangitsa kunena kuti mnzanu uja anakusankhirani bwino. Elite imafuna netiweki nthawi zonse ngakhale mukusewera nokha, ndipo inu mukudziwa mmene mabandulo amathera kuno, osanenanso za magetsi amene amatha kuchoka m'bandakucha n'kubwera anthu atagona. Kerbal, imene inapangidwa ndi kampani ya Squad ya ku Mexico City n'kutuluka yathunthu mu April 2015, imayenda popanda intaneti, pa batire ya laputopu imatheka ndithu mukatsitsa ma graphics. Kungoti muzidina F5 kuti gemu isunge pamene mwafika musanayambe kutsika kulikonse, zikavuta gwirani F9 kwa kanthawi mubwerere pomwe munali, Jebediah, woyendetsa chombo wa m'gemuyi, safa kawiri pa mlandu umodzi. Mukatera pa Minmus mumutulutse abzale mbendera, dinani F1 kujambula, munditumizire pa imelo yomwe ija ndione ngati miyendo yonse ikadalipo.