Gumbwa wokongoletsera pa ukwati

Amayi, mwafunsa ngati gumbwa wodula Lachisanu angafike pa ukwati wa Loweruka, popeza amene munayesa uja anafota tsiku lomwelo. Afika bwinobwino, ndipo atasamalidwa amatha sabata. Nkhani yagona pa madzi. Ku Bangweulu ndi ku Lukanga gumbwa amamera mizu ili m'madzi, ndiye mukamudula, ngayaye zake zija zimataya chinyezi msanga kuposa mmene phesi likukokera.

Posankha, tsinani phesi. Likhale lolimba, la ngodya zitatu zomveka m'zala, lobiriwira kwambiri. Musatenge wanthete amene mutu wake sunatambasuke, ngakhale amakopa maso, chifukwa ndiye woyamba kugwetsa khosi. Wansonga zofiirira wakalamba, musiyeni. Pa matebulo a alendo gumbwa wamkulu, amene amatalika kupitirira mamita atatu, amabisa nkhope za anthu. Pamenepo funsani kwa ogulitsa mbande za maluwa mtundu waung'ono, Cyperus prolifer, wamkuluyo apite kukhomo ndi kumbuyo kwa akwati.

Dulani m'mawa dzuwa lisanakwere, ndowa ya madzi ili pambali kuti alowe m'madzi pomwepo, osati mukafika kunyumba. Kunyumbako dulaninso masentimita atatu mopendeketsa, phesi lili m'madzi. Mukadulira kunja kwa madzi mpweya umalowa m'phesi n'kutseka njira ya madzi, mwina n'zimene zinakuchitikirani. Mpeni ukhale wakuthwa: mkati mwa phesi ndi mofewa, sizasi yobuntha imangophwanya. Kenako amwe usiku wonse pamalo ozizira, madzi afike theka la phesi. Mutu ukayamba kufota, mizani gumbwa yense m'bafa kwa ola limodzi.

M'madzi a m'vazi thirani madontho anayi a Jik pa lita, osapitirira, ndipo sinthani madzi pakapita masiku awiri. Siponji yobayapo maluwa ija ine sindiivomereza pa gumbwa, phesi limapindika pobaya ndipo madzi ake ndi ochepa. Pindani waya wa khola la nkhuku, muike pakamwa pa vazi yaitali, pansi muike miyala chifukwa mutu umalemera. Mapesi asanu amakwana vazi imodzi.

Ngati ukwati ndi wa mu Okutobala, m'kutentha kwa Lusaka kuja, dulani gawo limodzi mwa magawo atatu a ngayaye, muziwaza madzi, ndipo vazi italikirane ndi fani. Powaza gwiritsani madzi a mvula kapena a m'botolo, a m'mijigo ya kuno ali ndi laimu amene amasiya mawanga oyera.