Zoseketsa zoti bambo aonere ali pachikhakha

Moni nonse pagulu pano. Achemwali, uthenga wanu ndaumva, uja mwati bambo atopa n'kugona, chikhakha chija sichichoka msanga, ndiye mukufuna mafilimu ndi mabuku oseketsa oti aziwatayitsa nthawi. Ndati ndingoyankha ndi mawu, ndili m'tauni pano, mukamva phokoso ndi la maminibasi.

Chimene ndikupempha choyamba n'chakuti musawapatse foni n'kuwasiya okha kuchipinda. Bambo mumawadziwa, chinthu chimawakomera akakhala ndi womugwira paphewa n'kumati "waona zimenezo?" Muwatulutsire pabalaza, mwendowo muutsamiritse pampando, ana akhale pamphasa, muonere pamodzi. Ndiye posankha muzisankha zoti aliyense m'nyumbamo amve, kuyambira iwowo mpaka kamdzukulu ka sitandade 2 kaja. Filimu yoti nthabwala zake zili m'Chingerezi chothamanga, inu mukuseka iwo akufunsa kuti wati chiyani, imeneyo iwawonjezera kusungulumwa.

Yambani ndi Izeki ndi Jakobo, musachite kuganiza kawiri. Malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, a Kwathu Drama Group aja. Izeki anatisiya mu 2016, Jakobo mu 2021, koma zina mwa zomwe anajambula zilipo pa YouTube. Zithunzi zake n'zakale, zina zosaoneka bwinobwino, koma musadandaule nazo, mphamvu yawo ili pakamwa. Anthu awiri angoima, ayamba kukangana nkhani yaing'onong'ono, wina akuumirira zolakwika ndi nkhope youma gwa, mnzakeyo akuyesa kumuwongola mpaka naye kusokonezeka. Chichewa chake n'chimene bambo amayankhula. Sipafunika womasulira, ndipo muona kuti mawu ena aziwamaliza okha asanatuluke pakanemapo. Mukapezanso Tikuferanji yakale, ya Manganya, tengani. Eya, a Michael Usi omwewo amene anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Zandalezo tisaziyambe pagulu pano, ine ndikunena za sewero.

Kenaka pali aja osayankhula. Apa ndiye ndiimepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amangodziwa Mr Bean basi. Mr Bean ali bwino, tengani. Zigawo zake zoyambirira, zomwe zinayamba mu 1990, zilipo 15 zokha, si zambiri ngati mmene timaganizira. Muli kamene ali m'tchalitchi, tulo tikumugwira pa ulaliki, kenaka akulimbana n'kuti adye switi mnzake wapambali asaone. Bambo, monga mkulu wa mpingo, anthu otero awaona ambiri, akaseka zedi.

Koma mwini wake wa zonsezi ndi Charlie Chaplin. Funani The Gold Rush, ya 1925. Iyeyo ndi mnzake atsekeredwa m'kanyumba kuphiri, kunja kukuzizira koopsa, chakudya chatha. Ndiye akuvula nsapato imodzi, kuiphika mumphika, kuipakula m'mbale mwaulemu wonse. Chikopa chapamwamba chapita kwa mnzakeyo, iye watsala ndi kunsi kwake, akudya zingwe pozikulunga ndi foloko, misomali akuiyamwa umodziumodzi ngati akupukuta mafupa a nkhuku. Palibe liwu limene akutulutsa, koma umaseka mpaka misozi, uku mumtima ukudziwa kuti imeneyi ndi njala yeniyeni. N'chifukwa chake ndikuti bambo aikonda. Anthu amsinkhu wawo njala anaiona, nthabwala yotereyi imawafika pena pake pamene ife sitifika. Ina ndi Modern Times, ya 1936. Akumanga manati m'fakitale tsiku lonse, lamba akuthamanga, moti ngakhale wachokapo manja akungogwedezeka okha, akaona batani pa chovala cha munthu akufuna kulimanga ndi sipanala. Zonsezi n'zakuda ndi zoyera, ana ayamba n'kunyinyirika, inu musazimitse. Pakangotha kanthawi akhala iwo oyamba kugubuduka.

The Gods Must Be Crazy, ya 1980, mwina anaionerapo kale pavidiyo shoo. Botolo la Coca-Cola litayidwa kuchokera m'ndege, kugwera kwa anthu a ku Kalahari, n'kubweretsa ndewu pamudzi woti kale sunkalimbirana kanthu. Ine chimandiseketsa kwambiri ndi Land Rover yopanda mabuleki ija, mwini wake akutsika kukatsegula geti, galimoto ikubwerera yokha. Kungoti anthu a ku Kalahariwo anawaonetsa ngati ana osadziwa kanthu, chimenecho sichindisangalatsa, ndipo ndi bwino kuwauza adzukuluwo kuti ndi sewero chabe.

Za ku Nigeria tengani ziwiri. Aki na Ukwa ya 2002, ya Aki ndi Pawpaw, muwauziretu bambo kuti awiriwo si ana, ndi akuluakulu aafupi msinkhu, apo ayi ayamba kukalipa kuti makolo awo ali kuti. Ndi Osuofia in London ya 2003, Nkem Owoh ali munthu wakumudzi wopita ku London kukatenga chuma cha malemu mbale wake. Chingerezi chake ngakhale chikudutseni, nkhope ndi manja zikuuzani zonse.

Ndichenjeze apa, achemwali. Kwa anyamata obena mafilimu kumsika mukapeza zambiri zomasuliridwa m'Chichewa, zina zoseketsa ndithu, koma omasulira ena pakamwa sasunga. Muyambe mwaonera nokha musanaike pabalaza. Simungafune mawu otukwana atuluke muli ndi bambo, alamu ndi ana pamalo amodzi. Chimodzimodzi Daliso Chaponda, Mmalawi mnzathu amene anathera pa nambala 3 ku Britain's Got Talent mu 2017. Ndi katswiri, koma ameneyo muonere inu ndi alamu ana atagona.

Mabuku tsopano. Maso awo aja satha kuwerenga nthawi yaitali, ndiye wina aziwawerengera n'kumamasulira. Mtsikana wanu wa fomu 3 uja ntchito imeneyo imuyenera, Chingerezi chake chinoleka pomwepo. Ndikanakhala ine ndikanayamba ndi The No. 1 Ladies' Detective Agency, la Alexander McCall Smith, la 1998. Mayi wa ku Botswana, Mma Ramotswe, agulitsa ng'ombe zomwe bambo ake anamusiyira n'kutsegula ofesi yofufuza milandu ku Gaborone: amuna othawa pakhomo, achibale onamizira, zotero. Si loseketsa mogwetsa pansi, umangomwetulira tsamba lililonse. Komanso bambo ake a mayiyo anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni, ndiye mukafika pamenepo mudzaimitse kaye, bambo adzayamba okha kukamba za anzawo amene anapita ku Wenela.

Lina lalifupi ndi sewero la Wole Soyinka, The Trials of Brother Jero. Mneneri wabodza wa m'mphepete mwa nyanja ku Lagos, amene amaletsa womutsatira wake kumenya mkazi osati chifukwa cha chifundo, koma kuti munthuyo asasiye kubwera kwa iye. Ana agawane mbali, aliwerenge ngati sewero. Born a Crime la Trevor Noah, la 2016, limenelo ndi lanu inuyo. Limayamba ndi mayi ake kumukokera kumatchalitchi atatu Lamulungu limodzi, muziseka, koma kumapeto kuli nkhanza za m'banja zowawa, si la ana aang'ono.

Ndipo magetsi akazima musati zatha. Muwapemphe asimbire adzukulu za Kalulu ndi Fisi mmene ankatisimbira ife, ndi mawu onse aja a Fisi akulira. Wina ajambule pafoni, atitumizire pagulu pano, ana a achimwene ku Lilongwe sanawamvepo.

Fulashi ndili nayo, za Chaplin ndi Mr Bean ndiikamo usiku uno kuti musawononge bandulo. Buku la Mma Ramotswe ndikalifunsa kwa ogulitsa mabuku akaunjika mawa. Ndibwera ku Domasi Loweruka chakum'mawa, mundiuze ngati kanema wanuyo ali ndi polowetsa fulashi, ngati alibe nditengere laputopu. Muwapatse moni bambo.