Kukanda ufa nakonso n'kuphunzira

Achemwali, mwafunsa ngati maphunziro odzisankhira m'sukulu za Ayuda, monga kuphika ndi zisudzo, si kutaya nthawi chabe. Ine ndikukana kwamtuwagalu. Anyamata ambiri akachita bar mitzvah, mwambo wosonyeza kuti akula pa zachipembedzo, pa zaka 13 amaona ngati zophunzira kusunagoge zatha, ndipo makalasi oterewa ndi amene amawakokanso. Taganizirani mtsikana, manja ali mbuu ndi ufa, akuluka buledi wa challah wodya pa Sabata. Pomwepo aphunzitsi akumuuza chifukwa chake patebulo pamakhala mikate iwiri: m'chipululu muja makolo a Ayuda ankatola mana owirikiza tsiku la 6, poti la Sabata sankatola. Zimenezo saiwala msanga. Ena amachita sewero la Estere ndi Hamani pa chikondwerero cha Purim, enanso amaphunzira kulemba mokongoletsa zilembo 22 za Chiheberi, kuyambira kumanja kupita kumanzere.